Kulowa upolisi ku England kudzera ku yunivesite: yambani mwaona mapepala anu

Kwathu tikamva kuti mwana wa uje wapita kukaphunzira upolisi, maganizo amathamangira ku Kanjedza kapena ku Mtakataka: kumeta mpala, perete m'mamawa, thukuta kamukamu. Ku England ndi ku Wales zinasintha mu 2018, atatsegula njira yotchedwa Police Constable Degree Apprenticeship. Apolisi a dera lanu amayamba akulembani ntchito, kenako kwa zaka zitatu mumasinthasintha, masabata ena m'kalasi ku yunivesite, ena pa shifiti ndi apolisi anzanu. Malipiro amayamba mwezi woyamba womwewo, fizi simulipira, ndipo pomaliza mumatuluka ndi digiri yopanda ngongole. Kwa mnyamata kapena mtsikana amene makolo ake akugwira mashifiti a usiku kuti banja lidye, mwayi uwu ndi waukulu ndithu.

Koma khomo loyamba ndi mapepala. Malawi ali mu Commonwealth, choncho Mmalawi amaloledwa kufunsira ntchitoyi ngakhale alibe pasipoti ya Britain, bola akhale ndi chilolezo chokhala m'dzikomo mpaka kalekale, chija amati Indefinite Leave to Remain. Viza ya sukulu kapena ya ntchito yosamalira okalamba siikwanira. Amafunanso kuti mukhale mutatha zaka zitatu zapitazi muli m'dzikomo, kuti athe kufufuza mbiri yanu.

Apa ndi pamene mtima umandiwawa. Pali digiri ina ya zaka zitatu, ya Professional Policing, imene munthu amadzilipirira yekha asanalembedwe ntchito. Dzina lake limakopa, ndipo makolo atha kukhuthula thumba lonse poganiza kuti yunifolomu ikudikira. Ayi. Mukamaliza mumafunsira ntchito ngati wina aliyense, ndipo ngati mapepala sanalongosoke, akubwezani digiriyo ili m'manja. Chonde musalipire kanthu musanawerenge zofunikira pa tsamba la pa intaneti la apolisi a dera lanu. Magulu a apolisi ku England ndi ku Wales alipo 43 ndipo lililonse limalemba anthu palokha, pa nthawi yake.

Za maphunziro, amafuna ma A level awiri (mayeso omaliza a ku sekondale kumeneko) kapena china chofanana nawo, komanso Chingerezi ndi masamu a mulingo wocheperapo wa GCSE. MSCE payokha siifika pamenepo. Satifiketi kapena digiri ya kumudzi itumizeni ku UK ENIC, bungwe loyerekeza maphunziro a kunja ndi a ku UK, akuuzeni kulemera kwake. Amene ali kale ndi digiri, ya phunziro lina lililonse, ali ndi njira yawo ya zaka ziwiri. Kuyambira 2024 palinso ina ya zaka ziwiri yosatulukira ku digiri.

Pa kafukufuku wa mbiri musabise kanthu. Amaona milandu, ngakhale chenjezo lakalekale limene munalandira muli mwana. Amaona ngongole zimene zinafika kukhoti. Amafunsanso za anthu amene mumakhala nawo nyumba imodzi ndi abale anu apafupi. Ife Amalawi timasungana, msuweni akafika timamuyalira pabalaza, ndipo ndi khalidwe labwino. Komabe lembani aliyense amene fomu yamufunsa. Cholakwa chaching'ono atha kuchimvetsa, koma akapeza okha chimene munabisa, nkhani imathera pomwepo.

Mayeso a kulimba kwa thupi si oopsa: kuthamanga uku ndi uku pa mtunda wa mamita 15 motsatira kulira kwa belu mpaka mulingo wa 5.4 m'magulu ambiri a apolisi, mphindi zosakwana zinayi. Yambani kuyeserera kukadali miyezi iwiri.

Abale a ku Scotland, kumeneko njira ndi ina, amakaphunzira ku sukulu ya apolisi ya Tulliallan. A ku Joni, apolisi a South Africa amalemba nzika zokhazokha, ndiye ngati mwana anabadwira komweko, yambani mwatsimikiza za unzika wake ku Home Affairs asanalembe kalata yofunsira.