Kasungidwe ka nshawa kuti fakitale ya chiponde isaime

Mwafunsa chimene mungachite kuti fakitale yanu ya chiponde ku Chipata isamaime pofika Disembala chifukwa chosowa nshawa.

Choyamba, werengerani matumba amene mumagaya pa mwezi, ndipo mugwirizane ndi magulu a alimi a ku Katete, Chadiza kapena Lundazi asanakolole, kuti mugule zochuluka pakati pa Meyi ndi Ogasiti mtengo usanakwere.

Chachiwiri, ndipo apa mpofunika kusamala kwambiri, musalandire thumba musanalitsegule. Alimi ena amawaza madzi pa makoko kuti asavutike posenda, ndipo chinyezi chimenecho chimabweretsa chuku chokhala ndi poizoni wa aflatoxin, amene satha ngakhale mukazinge bwanji. Pisani dzanja mpaka pakati pa thumba, lumani njere zingapo kuti mumve ngati zikuthetheka, kenaka muyeze ndi kachipangizo koyezera chinyezi. Chikapitirira 8 peresenti, bwezani. Njere zofota, zosweka ndi zakuda zichotsedwe pamanja.

Mukatero, sanjani matumba pa mathabwa, motalikirana ndi khoma, mulembe tsiku ndi dzina la gulu pa thumba lililonse, ndipo muziyamba kugaya amene anafika poyamba.

Mabotolo ndi zivindikiro, zimene ambiri amaitanitsa ku Lusaka kudzera mumsewu wa Great East Road, muziitanitsa mukadali nazo zokwanira mwezi wathunthu. Pomaliza, konzani ntchito yogaya motsatira maola amene magetsi amayaka, ndipo akazima antchito azisankha nshawa ndi kumata mapepala pa mabotolo.