Zikani ndodo pakati pa mulu wa manyowa

Inu a dimba la gulu, lekani kutentha mapesi mukakolola. Ife timawaduladula n'kuyala pansi, pamwamba pake masamba aawisi a gilisidiya, kenako ndowe za mbuzi ndi kaphulusa pang'ono, uku tikuwaza madzi, mpaka mulu ufike m'chiuno. Pakati timazikapo ndodo. Pakatha masiku 3 izuleni muigwire. Ikakhala yofunda, manyowa ayamba kupsa. Ikazizira ndiye kuti madzi kapena zaziwisi zachepa. Ikatuwa ngati mwaiwaza ufa, muluwo wauma, thirirani.

Za kutembenuza, ikiranani tsiku ndipo mayina alembedwe. Chaka chatha tinangoti aliyense adzabwera, koma kunafika amayi awiri okha, mpiru n'kubzalidwa mochedwa.