Momwe mungakhwimitsire maselo a khansa ya minofu mu labotale pogwiritsa ntchito mankhwala

Mwana wa ku Chikwawa kapena ku Nsanje akatumizidwa ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ali ndi chotupa m'khosi, kuseri kwa diso kapena m'chikhodzodzo, nthenda imodzi imene madokotala amaiganizira ndi rhabdomyosarcoma, khansa yoyambira m'maselo amene anayenera kusanduka minofu. Maselowa amakhala ndi mapuloteni a MyoD ndi myogenin, omwe ntchito yawo ndi kulamula selo kuti lisiye kugawikana n'kuphatikana ndi anzake kupanga mnofu, koma iwo amaima panjira n'kumangochulukana ali anthete. Ofufuza amayesa kuwakakamiza ndi mankhwala kuti akhwime m'malo mowapha, monga momwe mankhwala a ATRA anathandizira pa mtundu wina wa khansa ya m'magazi kuyambira ku Shanghai m'zaka za m'ma 1980. Ophunzira athu a sayansi amene adzagwire ntchito imeneyi aitsate motere.

Yambani ndi kusankha maselo. Mwa maselo a khansayi oleredwa mu labotale, odziwika kwambiri ndi otchedwa RD, amene anafotokozedwa koyamba mu 1969 atatengedwa pa chotupa cha mtsikana wa zaka 7, ndipo ali ndi vuto pa jini (malangizo achibadwa a m'selo) ya NRAS, imene imauza selo kuti ligawikane. Awa ndi maselo omwewo amene ma labotale oyeza poliyo amakulitsiramo kachilombo ka nthendayo, choncho ambiri ogwira ntchito za umoyo anawamvapo kale. Palinso a Rh30, a mtundu woopsa wa alveolar, omwe ali ndi majini awiri olumikizana a PAX3 ndi FOXO1. Woyamba kumene ntchitoyi ayambire pa RD, chifukwa kusintha kwake kumaoneka mosavuta.

Maselowa muwalere m'botolo lapulasitiki lokhala ndi madzi a chakudya a DMEM osakaniza ndi 10% ya seramu (madzi otengedwa m'magazi) ya mwana wa ng'ombe wosabadwa, m'makina ofungatira osunga kutentha kwa 37°C ndi mpweya wa CO2 wa 5%. Apa ndi pamene ife a m'chigwa tiyenera kusamala koposa anzathu a kumtunda. Makina ambiri ofungatira amangodziwa kutenthetsa, sadziwa kuziziritsa, ndiye m'chipinda cha ku Ngabu kapena ku Nchalo mu Okutobala ndi Novembala, pamene kunja kumapitirira 40°C, mkati mwa makinamo mudzatentha kuposa muyeso ngakhale mutawatchera bwino. Chipindacho chizizizidwe usana ndi usiku, ndipo pakhale jenereta kapena mabatire oyembekezera magetsi akathima. Selo lopsa ndi kutentha nalonso limasiya kugawikana, ndipo munthu wosasamala akhoza kulemba kuti mankhwala agwira pamene chagwira ndi dzuwa.

Maselo akatsala pang'ono kudzaza pansi pa botolo, amatuleni ndi trypsin, muwawerenge, kenako muwagawe mofanana m'timbale tingapo, n'kuwasiya usiku umodzi kuti amamatire. M'mawa mwake ndi pamene muthire mankhwala. Akale ndi odziwika bwino ndi TPA, amene amadzutsa puloteni ya PKC yotumiza mauthenga m'kati mwa selo, ndipo pa maselo a RD amathiridwa pa mlingo wa pafupifupi 100 nM (nanomola, muyeso wa kuchuluka kwa mankhwala m'madzi). Valani magolovesi ndipo musawagwire mwachibwana, chifukwa mankhwala omwewa amalimbikitsa zotupa pakhungu la mbewa zoyeserera. Njira ina ndi yotseka puloteni ya MEK, yomwe imalandira uthenga kuchokera kwa NRAS wolakwika uja; apa pamagwiritsidwa ntchito U0126 kapena trametinib, amene anavomerezedwa ku America mu 2013 pochiza khansa ya pakhungu ya melanoma. Ofufuza ambiri amachepetsanso chakudya n'kuika 2% ya seramu ya kavalo, popeza njala yotereyi ndi imene imakankhira maselo abwinobwino a minofu kuti aphatikane.

Musaiwale mbale zofananizira. Mankhwalawa amasungunulidwa mu DMSO, choncho mbale zina zilandire DMSO yekhayo pa mlingo wofanana, wosapitirira 0.1%. Popanda mbale zimenezi ntchito yonse ndi yongotaya nthawi, chifukwa simungasiyanitse zochita za mankhwala ndi zochita za chosungunulira kapena za njala ija.

Tsiku lililonse yang'anani pa maikulosikopu, ndipo pakapita masiku awiri sinthani madzi pamodzi ndi mankhwala ake. Pakati pa tsiku lachitatu ndi lachisanu ndi chimodzi mudzaona maselo ena atatalika ngati ulusi, atandandalikana mbali imodzi, ena ataphatikana n'kukhala selo limodzi la manyukiliyasi (timitima ta selo tosunga majini) angapo. Komatu maso okha amanyenga, ndipo kutalika kwa selo si umboni wokwanira. Tengani mbale imodzi pa gulu lililonse muthire utoto wa trypan blue, umene umalowa m'maselo akufa okha, kuti mudziwe ngati kuchepa kwa maselo kwabwera chifukwa chokhwima kapena chifukwa cha imfa. Mbale zotsalazo muthiremo paraformaldehyde wa 4%, mankhwala olimbitsa maselo kuti asasinthe maonekedwe, kenako muike antibody (puloteni yozindikira chinthu chimodzi chokha) ya MF20, imene imamatira pa myosin, puloteni yopezeka m'minofu yokhwima, ndi utoto wa DAPI woonetsa manyukiliyasi.

Pomaliza jambulani malo osachepera asanu pa mbale iliyonse, osankhidwa mwachisawawa osati okhawo okongola, muwerenge manyukiliyasi amene ali m'maselo oonetsa myosin n'kugawa ndi chiwerengero cha manyukiliyasi onse. Ngati n'kotheka, wowerengayo asadziwe mbale imene inalandira mankhwala. Bwerezani ntchito yonseyi katatu pa masabata osiyana, ndi maselo ogawidwa mwatsopano, musanayerekezere zotsatira za mbale za mankhwala ndi za DMSO.