Mpeni wosendera watsopano umafunika kuunolanso

Mpeni wosendera nyama umene ndimaukonda ndi wosapinda, chitsulo chake chachifupi, masentimita 7 mpaka 10, chokhala ndi mimba yokhota bwino. Ndikaugwira koyamba ndimaona ngati chitsulocho chadutsa m'chogwirira mpaka kumapeto, kenako ndimanyowetsa dzanja n'kuugwiranso. Posenda m'manja mumadzaza mafuta ndi magazi, ndiye chogwirira choterera ndi ngozi. Chimake nachonso muchione: ngati chikukhula kukamwa kwa mpeni poulowetsa, muzingonola pachabe.

Mpeni watsopano ukameta ubweya wa pamkono, zisakunamizeni kuti wanoledwa bwino. Ku fakitale amanolera pa lamba wa makina mothamanga, ndipo kawirikawiri mbali ina imadyeka kuposa inzake, makamaka pamimba ndi kunsonga. Imani pa kuwala, kukamwa kwa mpeni kuloze m'mwamba. Pamene pakunyezimira ndi pobuntha.

Tsono tengani maka yakuda mupake mbali zonse ziwiri za kukamwako. Nyowetsani mwala wokhakhala, wa nambala 400 (nambala ikamakwera, mwala umakhala wosalala), mupendeke mpeni madigiri pafupifupi 20. Kupeza kwake n'kosavuta: uimikeni chilili, upendekeni theka, kenako thekanso, mwafika pa 22 ndi theka. Kokani kawiri katatu, muone inki. Ikachoka kumtunda kokha, mwagoneka kwambiri. Ikachoka m'mphepete mwenimweni mokha, mwaimika kwambiri. Mukufuna ichoke ponse nthawi imodzi.

Pamimba ndi pamene anthu ambiri amalepherera. Amakoka mowongoka ngati akunola mpeni wa kukhitchini, mwala osafika pokhota paja, pomwe ntchito yonse yosenda imagwiridwa pomwepo. Mukamayandikira kunsonga muzikweza chogwirira pang'onopang'ono, chigongono chizitsatira.

Musatembenuze msanga. Nolani mbali imodzi mpaka mutamva kachitsulo kopyapyala katapindikira kuseri, kuyambira m'munsi mpaka kunsonga. Mumakamva ndi chala chachikulu, mukuchitsetsa kuchokera kumsana kupita kukamwa, osati motsata kukamwako ayi. Mukakamva ponse, tembenuzani muchite chimodzimodzi. Mbali imene inadyeka pang'ono ku fakitale imatenga nthawi, ndipo pa chitsulo cholimba cha 60 HRC (muyeso wa kulimba kwa chitsulo) mkono umatopa ndithu.

Kenako pitani pa mwala wa 1000, osakanikiza, mukusinthasintha mbali. Ine ndimalekera pomwepo. Ena amafika mpaka pa 6000 kuti uziwala, koma mpeni wosalala kwambiri umaterera pa minofu yolimba ya pansi pa chikopa, pomwe wa timano tating'ono umaluma. Malizani pa lamba wachikopa, mukukokera chakumsana, kuti kachitsulo kaja kathothoke.

Uyeseni pa pepala pang'onopang'ono, kuyambira m'munsi mpaka kunsonga. Pamene wakodwa, pakaninso inki mubwerere pa mwala. Ngati chitsulo chake ndi chakaboni, monga cha mtundu wotchedwa 1095, upukuteni uume ndi kuupaka mafuta musanaubwezere m'chimake, chifukwa chimachita dzimbiri usiku umodzi wokha.