Pulagi ya kompresa m'galaja: fyuzi ikapsa musamangepo waya

Anthu ambiri opopa matayala ndi kupenta magalimoto pakhomo, kaya ku Matero, Chawama kapena Kalingalinga mu Lusaka, amagula kompresa yomwe pulagi yake silowa m'soketi ya pakhoma. Ena amangodula pulagiyo n'kutsomeka mawaya m'soketi, atawapana ndi timitengo ta machesi. Chonde lekani zimenezi. Kompresa imanjenjemera ikamalira, ndiye mawayawo amasuntha n'kumathetheka mpaka soketi kusungunuka.

Magetsi a ZESCO m'nyumba zathu ndi a 230V. Pulagi ya mano atatu amakona imanyamula mpaka 13A, pafupifupi mawati 3,000, choncho kompresa ya 2HP, yomwe ndi 1.5kW kapena kuti mawati 1,500, imakwanira pamenepo. Gonekani pulagi mano ali pansi, muitsegule. Waya wabulauni ndiye wamoto, amapita kumanja kumene kuli fyuzi. Wabuluu amapita kumanzere. Wobiriwira wa mizere yachikasu ndi wa earth, malo ake ndi dzino lalitali la pamwamba. Pa zingwe zakale wamoto ndi wofiira, mnzake ndi wakuda.

Waya wa earth ndi umene anthu amaunyozera, chonsecho thanki ya kompresa ndi yachitsulo ndipo pansi pa galaja sipachedwa kunyowa nthawi ya dzinja. Mota ikawonongeka mkati, wayawu ndi umene umalanda moto kuti usadzere mwa munthu wogwira thankiyo. Muusiye wautaliko kuposa anzake, kuti chingwe chikakokeka ukhale womaliza kuzuka. Mangani masikuluwu zolimba, pasaoneke katsitsi ka kopa panja, ndipo chopanira cha kumunsi chigwire chikopa chakunja cha chingwe, osati timawaya tamkati.

Tsono nkhani ya fyuzi. Mota ikamayamba kuzungulira imakoka magetsi ochuluka kangapo kuposa ikakhazikika, n'chifukwa chake kompresa ya 3HP imapsereza fyuzi ya 13A kawirikawiri. Apa m'pamene ena amamangapo waya, msomali kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya. Mukatero, chimene chipse m'malo mwa fyuzi ndi pulagi, chingwe, mwinanso galaja yonse. Kompresa yotereyi imafuna soketi yabuluu ya 16A, chingwe cha 2.5mm² ndi breaker (swichi yodzizimitsa yokha magetsi akachuluka) yakeyake kuchokera pa bokosi lalikulu. Imeneyo ndi ntchito ya katswiri wa zamagetsi wovomerezeka. Mumuuzenso aike earth leakage ya 30mA, chipangizo chozimitsa magetsi akayamba kuthawira pansi kapena mwa munthu, ndipo muzidina batani lake loyesera nthawi ndi nthawi.

Ngati galimoto ili kutali, talikitsani paipi ya mpweya. Chingwe cholumikiza chachitali ndi chowonda chimafooketsa magetsi, mota imangong'ung'udza osazungulira, kenako imatentha n'kupsa.

Malaiti akapita, monga tinavutikira mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, musasiye kompresa ili yoyatsa. Dinani batani lofiira la pa swichi yake, mumva kampweya kakutuluka. Kampweyako ndi kamene kamapeputsa mota kuti idzayambe bwino, zomwe sizichitika mukazimitsira pakhoma. Mukatero zulani pulagi, ndipo malaiti akabwera dikirani mphindi zingapo akhazikike musanayatsenso. Mukaona pulagi ikutentha m'manja kapena yadera m'mbali mwa mano, isintheni tsiku lomwelo pamodzi ndi soketi yake.