Kasankhidwe ka pleya ya Blu-ray yosaboola m'thumba

Musanapite kokagula pleya yoonera mafilimu, yambani mwayang'ana wailesi ya kanema imene muli nayo kale m'nyumba, chifukwa ndi iyo imene imaika malire a zimene maso anu adzaone. Chithunzi cha pa DVD chimakhala ndi timadontho 720 mopingasa ndi 576 kapena 480 kuchokera pamwamba kufika pansi. Disiki ya Blu-ray, imene inayamba kugulitsidwa mu 2006, imafika timadontho 1920 ndi 1080, pamene Ultra HD Blu-ray, imene inabwera mu 2016, imafika 3840 ndi 2160, ndipo ndi imeneyi imene ambiri amangoitchula kuti 4K. Ngati wailesi yanu imalekezera pa 1080p, kutanthauza timadontho 1920 ndi 1080 tija, ndipo mulibe maganizo oisintha posachedwa, pleya wamba ya Blu-ray ikukwanirani, ndipo ndalama zimene mukanawonjezera pogula ya 4K kuli bwino mugulire madisiki. Koma ngati wailesi yanu ndi ya 4K, makamaka ikakhala yaikulu ndipo mumakhala nayo pafupi, pleya ya Ultra HD ndi yoyenera kuiganizira, pakuti imawerenganso Blu-ray wamba ndi DVD, pomwe pleya wamba singathe m'pang'ono pomwe kuwerenga disiki ya 4K.

Chimene chimachititsa kuti makina otsika mtengo akhale odalirika n'chakuti chithunzi chimachoka pa disiki n'kudutsa mu waya wa HDMI chili manambala okhaokha, osasinthidwa kukhala chinthu china panjira. Filimu ya 1080p ikatumizidwa ku wailesi ya 1080p, pleya yotchipa ya kampani yodziwika ndi pleya yodula kwambiri zimatulutsa chithunzi chofanana kwambiri moti n'kovuta kuti diso lizisiyanitse. Ndalama zowonjezera zimagula zinthu zina, monga thupi lachitsulo m'malo mwa pulasitiki, mota yosachita phokoso, kufulumira kutsegula disiki, ndi luso lokulitsa chithunzi cha DVD kuti chidzaze wailesi popanda kuoneka chosweka. Mwa zonsezi, ine ndimaona kuti phokoso ndi limene limavutitsa kwambiri ngakhale kuti anthu salifunsa pogula, chifukwa makina olira ngati chigayo chakutali amasokoneza nthawi imene filimu yafika pamalo achete.

Pali misampha itatu ya mawu olembedwa pa katoni imene yapusitsa ogula ambiri. Woyamba ndi pleya ya DVD yolembedwa kuti HD kapena 1080p. Makina oterewa amangotambasula chithunzi cha DVD, ndipo disiki ya Blu-ray saiona n'komwe, popeza kuwala kwa laser yofiira imene ali nayo sikungawerenge timaenje ting'onoting'ono timene timafuna laser yabuluu. Kuchepa kwa timaenjeti ndi kumene kumachititsa kuti Blu-ray isunge 25 GB kapena 50 GB pamene DVD imasunga 4.7 GB kapena 8.5 GB. Msampha wachiwiri ndi pleya ya Blu-ray yolembedwa kuti 4K upscaling, imenenso imangokulitsa chithunzi koma siwerenga madisiki a Ultra HD. Wachitatu umapezeka pa makina akale. HD DVD unali mtundu wina wa madisiki umene kampani ya Toshiba inkalimbikitsa popikisana ndi Blu-ray, ndipo inausiya mu February 2008. Pleya ya HD DVD singasewere Blu-ray, ndipo mafilimu atsopano satulukanso pa mtundu umenewo. Choncho musakhulupirire zilembo zikuluzikulu za pa katoni, koma fufuzani chizindikiro chenicheni cha Blu-ray Disc kapena Ultra HD Blu-ray pa makinawo.

Nkhani ya zigawo ndi imene imafuna kudekha kwambiri, makamaka kwa munthu amene amaitanitsa madisiki kapena makina kuchokera kunja kwa dziko limene akukhala. Madisiki a Blu-ray anagawidwa m'zigawo zitatu. Chigawo A chikuphatikiza mayiko a ku America, Japan, Korea ndi kum'mwera chakum'mawa kwa Asia, chigawo B ndi cha Ulaya, Africa, Middle East, Australia ndi New Zealand, ndipo chigawo C ndi cha mayiko monga Russia, China ndi India. Si madisiki onse amene amatsekedwa motere, koma disiki yotsekedwa ikalowa mu pleya ya chigawo china, pa wailesi pamangobwera uthenga wokana. Ma DVD ali ndi magawidwe awoawo a manambala, ndipo sagwirizana ndi a Blu-ray, moti Japan ili m'chigawo chimodzi ndi Ulaya pa DVD koma ili ndi America pa Blu-ray. Madisiki a Ultra HD okha ndi amene sanagawidwe m'zigawo, ngakhale kuti pleya yake imatsatirabe zigawo ikamawerenga Blu-ray wamba kapena DVD. Tembenuzani makatoni a madisiki amene muli nawo kale, onani chilembo kapena nambala yolembedwa kumbuyo, ndipo gulani makina ogwirizana nazo. Wogulitsa akanena kuti pleya yake imawerenga zigawo zonse, mufunseni ngati akunena za DVD yokha kapena za Blu-ray yomwe, pakuti nthawi zambiri mawuwo amakhala akunena za DVD basi.

Makina ochokera kunja ali ndi vuto linanso la magetsi. Pleya yopangidwira dziko la magetsi a 110 V mpaka 120 V imapsa ikalumikizidwa ku 220 V kapena 240 V, pokhapokha ngati kumbuyo kwake kwalembedwa kuti imalandira 100 V mpaka 240 V.

Kenako yang'anani malo olowetsa mawaya. Mapleya opangidwa pambuyo pa 2013 sanaloledwenso kutulutsa chithunzi cha Blu-ray kudzera m'mawaya akale aja achikasu kapena ofiira, obiriwira ndi abuluu, kotero wailesi yopanda HDMI singagwire ntchito ndi makina atsopano. Waya wa HDMI suyenera kukhala wodula. Wa mtundu wa High Speed ndi wokwanira pa 1080p, ndipo wa Premium High Speed ndi wokwanira pa 4K. Pa 4K pamafunikanso kuti bowo la HDMI la pa wailesi likhale ndi HDCP 2.2, imene ndi njira yotetezera mafilimu kuti asakopedwe, ndipo mawailesi ena akale a 4K ali nayo pa bowo limodzi lokha. Ponena za mawu, madisiki ambiri amanyamula mawu apamwamba a mtundu wa Dolby TrueHD kapena DTS-HD Master Audio, ndipo ngakhale pleya yotchipa imatha kutumiza mawuwa osawakhudza kupita ku ampulifaya kudzera mu HDMI. Waya wa optical kapena coaxial sunganyamule mawu a mtundu umenewu, koma umathandiza munthu amene ali ndi ampulifaya yakale yopanda HDMI, ndipo munthu woteroyo aonetsetse kuti pleya ili ndi bowo logwirizana ndi la pa ampulifayayo. Amene amamvera mawu pa masipika a wailesi yeniyeniyo asadzivutitse ndi zonsezi.

Kwa ogula pleya ya 4K, mtengo umakwera chifukwa cha HDR, luso limene limachititsa kuti malo owala awale kwambiri popanda kumeza zimene zili mumdima. Mwa mitundu ya HDR, HDR10 imapezeka pa pleya iliyonse ya Ultra HD, koma Dolby Vision ndi HDR10+ zimapezeka pa makina ena okha. Palibe chifukwa cholipirira Dolby Vision ngati wailesi yanu siilandira, monga mmene zilili ndi mawailesi a Samsung, ndipo disiki ya Dolby Vision imaonekabe bwino kudzera mu HDR10. Chimodzimodzinso mapulogalamu oonera mafilimu pa intaneti amene amaikidwa m'mapleya ena, musawawerengere posankha, chifukwa amakalamba msanga kuposa makinawo. Phindu lenileni la intaneti pa pleya ndi kukonzanso firmware, imene ndi pulogalamu ya m'kati yoyendetsa makinawo, popeza madisiki ena atsopano amakana kutseguka pa makina amene pulogalamu yake ya m'kati inatsalira, ndipo makina ambiri amalola kuchita zimenezi ndi fulashi kudzera pa USB.

Mwinanso pleya muli nayo kale m'nyumba koma simukudziwa. Mwa makina ochitira magemu, PlayStation 3 ndi PlayStation 4 zimasewera Blu-ray wamba, pamene Xbox One S, Xbox One X, Xbox Series X ndi PlayStation 5 zimaseweranso Ultra HD zikakhala za mtundu wokhala ndi polowetsa disiki. Xbox Series S ilibe polowetsa disiki.

Makampani opanga mapleya achepa kwambiri. Oppo inasiya mu 2018, LG inasiya mu 2024, ndipo mwa makampani akuluakulu amene makina awo atsopano amapezekabe ndi Sony ndi Panasonic. Pa chifukwa chimenechi anthu ambiri amagula makina ogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo palibe cholakwika bola ayesedwe ndalama zisanachoke m'manja. Tengani madisiki anu atatu, Blu-ray, DVD ndi CD, chifukwa laser ya Blu-ray imatha kufooka pamene ya DVD ikadali yamphamvu, ndipo wogulitsa amene wakuonetsani DVD yokha sanakuonetseni chimene mukugula. Tsegulani ndi kutseka thireyi kangapo kuti muone ngati sikukakamira, mvetserani kulira kwa mota, ndipo dumphitsani filimu kufika chakumapeto ndi kuisiya iyende mphindi zingapo, pakuti makina otopa amayamba bwino n'kudzakakamira pakati kapena kumapeto kwa disiki. Rimoti isasowe, chifukwa mapleya ena otchipa ali ndi mabatani awiri okha, loyatsira ndi lotsegulira thireyi, ndipo popanda rimoti simungadutse ngakhale pa tsamba loyamba la filimu. Ngati wogulitsa alibe rimoti, funsani kaye mtengo wa ina yogwirizana ndi makinawo, ndipo muuchotse pa ndalama zimene mukupereka.