Kusankha Thabwa Lotsetserekera pa Mafunde Aang'ono

Funde lolekeza m'mawondo kapena m'chiuno silikankha mwamphamvu, choncho liwiro limene fundelo likulephera kupereka liyenera kuchokera ku thabwa lanu. Ku Muizenberg, m'mbali mwa False Bay mumzinda wa Cape Town, mchenga wa pansi pa nyanja umatsika pang'onopang'ono ndipo mafunde amasweka mofatsa. Kumeneko munthu wobwera ndi kathabwa kosongoka ngati ka akatswiri a mipikisano amatha m'mawa wonse akupalasa, mafunde n'kumangomudutsa pansi, pamene bambo wachikulire wa thabwa lalitali akutsetsereka mpaka kumtunda.

Yambani ndi malita. Opanga amalemba manambala kunsi kwa thabwa: kutalika m'mapazi, mulifupi ndi kuchindikala m'mainchesi, ndipo ambiri masiku ano amawonjezerapo malita, omwe amasonyeza kukula kwa thabwa lonse. Popeza lita imodzi imayandamitsa pafupifupi kilogalamu imodzi, wongoyamba kumene amachita bwino kutenga malita oyandikana ndi kulemera kwa thupi lake, kutanthauza kuti wolemera makilogalamu 70 afune thabwa la malita 70 kapena kuposerapo pang'ono. Katswiri wolemera chimodzimodzi amakwanira ndi malita osapitirira 30, koma nayenso amawonjezera nyanja ikakhala yaulesi.

Kenako goneketsani thabwalo pansi n'kuliyang'ana cham'mbali. Lopindika ngati nthochi, kutsogolo ndi kumchira kutatukuka, linapangidwira mafunde aatali oima chilili, ndipo pa funde laling'ono limangokankha madzi ngati khasu. Lathyathyathya ndilo limathamanga. Sankhaninso lotambalala pamalo pogona chifuwa, mainchesi 21 mpaka 23, ndi mchira wotakata, chifukwa pamenepo ndi pamene funde limagwira pokukankhani.

Kwa ine, longboard, ya mapazi 9 kapena kuposa, omwe ndi mamita pafupifupi 2.7, ilibe mnzake pa mafunde oterewa, chifukwa imagwira funde lisanayambe n'komwe kusweka. Vuto lake ndi kunyamula, makamaka ngati mulibe galimoto kapena mumakhala m'kachipinda kochepa. Mini-mal, ya mapazi 7 mpaka 8, imachepetsa vutoli. Palinso fish, yaifupi, yonenepa, ya mchira wamphanda ndi zipsepse ziwiri, imene Steve Lis anaipanga ku San Diego, m'dziko la America, mu 1967. Imeneyi imathamanga modabwitsa, koma imagwedezeka pansi pa mapazi, motero muisiyire amene anazolowera kale kuimirira ndi kukhota. Ngati simunaimirirepo, tengani la pamwamba pofewa ngati siponji, pakuti thabwa likakumenyani m'mutu, ndipo lidzakumenyani ndithu, muzivulala pang'ono.

Matabwa okutidwa ndi utomoni wotchedwa epoxy ndi opepuka komanso olimba kuposa okutidwa ndi utomoni wotchedwa polyester, ngakhale kuti kupepukako kumawachititsa kudumphadumpha mphepo ikavundula madzi. Pogula logwiritsidwapo kale ntchito, dinani ndi chala paliponse: pamene pakubonyoka ngati buledi ndiye kuti chikopa chakunja chamatuka, ndipo mawanga achikasu kuzungulira mng'alu akusonyeza kuti madzi analowa mkati. Gwedezani zipsepse kuti muone ngati mabowo ake sanasweke.

Musanatulutse ndalama, bwerekani matabwa awiri kapena atatu osiyana kukula m'masitolo a pagombe, n'kuwerenga mafunde amene mwagwira ndi lililonse pa ola limodzi. Chingwe chomangira kumwendo chikhale chotalika mofanana ndi thabwa limene mwasankhalo.